Singano ya Pamphumi pa Tadala

Ana anga, adzukulu anga, taonani anganga anu agwira cholembera! Dzanja lozolowera tsache ndi ndowa lero likukwawa papepala ngati nkhanu pamchenga, koma likufika, ee likufika. Za ubwana wanga ndazilumpha, mulibe kanthu mmenemo koma mphere ndi kusambira. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa ntchito ndiyo inandipatsa dzina, ntchito yomweyo n'kundilanda mwana. Mumadabwa kuti Nambewe woseka chonchi, woimba ngakhale potsuka mbale, bwanji dzina la Esitere likatchulidwa nyimbo imaduka. Ndipo iwe Tadala, wakulira m'nyumba mwanga amako ali moyo tsidya la malire. Sunandifunsepo ndi pakamwa, koma maso ako amafunsa. Mutu uno ndi wako. Uwerenge wekha.

Chaka cha kolera, kufupi ndi Nkopola

Ntchito ndinaipeza misozi ili m'maso. Mwamuna wanga, msodzi wa usipa, chifuwa chinamutenga nyengo ya mwera, n'kundisiyira ana atatu ndi bwato lobooka. Woyamba anali Esitere, kamtsikana kowonda, komvera, koti ukakauza kuti khala apa, umakapeza pomwepo ngakhale mthunzi utachoka. Chaka chomwecho kolera anagwa m'madoko, ndipo kachipatala ka mpingo kamene kanali kumtunda kwa msewu kanasowa munthu wotaya ndowa za odwala. Anthu ankathawa. Ine ndinati ndowa siluma, imaluma ndi njala. Anesi aakulu, Mayi Nyirenda, ochokera kumpoto, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Sudzasanza?" Ndinati, "Mayi, m'mimba mulibe choti ndisanze." Anandiponyera diresi la ntchito, ndinalowa.

Sesa, kolopa, chapa, yanika! Sesa, kolopa, chapa, yanika! Imeneyo ndiyo inali nyimbo yanga, ndipo odwala ena ankati mayi uyu mutu wake suli bwino, anthu akufa iye akuimba. Koma ndikapanda kuimba ankafunsa okha kuti lero kwagwanji. Mayi Nyirenda ankayendetsa chala pawindo, chikatuluka ndi fumbi umayambiranso wodi yonse. Ndinkawada m'mawa, madzulo n'kuwakonda, chifukwa munthu akamatsirizika iwo sankachoka pambali pake.

M'wodimo ndi mmene ndinadziwira kuti ife Akhristu tilipo mitundumitundu ngati nsomba za m'khoka limodzi. Uyu akukana mlamba, ati ulibe mamba, Mulungu analetsa. Uyu akuti tsiku lopembedza ndi Loweruka, a Lamulungu nonse mwasochera. Uyo akuti ubatizo wowaza pamutu ndi kusukusula chabe, weniweni ndi womiza thupi lonse, chubwi! Wina akukana magazi, maso atayera kale mbee. Ankakangana ali chigonere, mabedi moyandikana, aliyense akutumiza mnzake kumoto. Ndowa zawo onsewo ndinkataya ndine, ndipo ndikuuzeni ana anga, fungo linali limodzi.

Mnzanga pantchitoyo anali Abiti Jafali, Msilamu wa ku Katuli, wamfupi, wapakamwa ngati lumo. Tikamachapa ankandiputa. "Nambewe, inu buku limodzi, Mulungu mmodzi, koma mukakumana atatu mipingo imatuluka inayi."

"Nanga inu," ndinkatero ine, "pamaliro ena aimba, ena ati khalani chete, mpaka kukokerana mtembo. Si mipingo imeneyo?"

"Ife timakangana, koma pofika Lachisanu tonse tayang'ana kumodzi. Inu aliyense ndi kumwamba kwake!"

Tinkaseka mpaka nsalu kugwera m'matope. Masiku amenewo mikangano ya chipembedzo inali yoseketsa kwa ine. Sindinkadziwa kuti idzandilowera m'nyumba.

Zaka za ku Namwera

Atandisamutsira ku chipatala china cha mpingo ku Namwera, ndinalira ndi kuzizira. Mwana wa kunyanja kukagona kumapiri, mayo ine! Odwala a kumeneko anali a m'minda ya fodya, obwera mochedwa, atayamba ayesa zonse. Kusowa kwa zinthu ndiye kunali ndiwo zathu. Sopo akatha tinkachapa ndi phulusa. Magolovesi tinkawachapa n'kuwayanika pachingwe, ali lende ngati manja a anthu opempha. Galimoto yonyamula odwala inalipo, mafuta ndiwo ankabwera ngati mlendo.

Kumeneko Esitere anakwatiwa ndi a Filimoni, okonza njinga, oimba kwaya, munthu wofatsa ngati nkhunda. Inu ana a lero simudziwa chipongozi. Ife mkamwini sitinkamuyang'ana kumaso. Tikakumana panjira, iwo apatukira uku, ine ndipatukira uko, tonse n'kunjuta, moni tikupereka kwa udzu. Ndikafuna kuwauza kanthu ndinkatuma Esitere, iwo ali pomwepo akumva. Pakhomo pa nyumba imene ankagona, phazi langa silinkaponda. Unali ulemu wokoma, ndinkaunyadira. Ndinkauza anzanga kuti apongozi anga ndimawadziwa mawu ndi zidendene basi.

Mwana wawo woyamba anali wamwamuna. Anadwala malungo akuyamba kumene kuyenda, magazi anamuthera. Tinamubaya diripi padzanja, koma chimene ankafuna ndi magazi, ndipo magazi anali ku boma, galimoto ilibe mafuta. Anatisiya masana, dzuwa lili pamutu, pansalu imene ndinachapa ndekha. Esitere sanalire mokweza. Anangokhala tsonga, akuyang'ana kabala ka singano padzanja la mwanayo. Kenako anati, "Amayi, paja mumati kuno n'kochiritsa?" Ndinamukumbatira, thupi lake lili gwa ngati mtengo. Mawu amenewo muwasunge, kuti pamene mukuwerenga zotsatirazi musamuyese chitsiru mwana wanga. Sanali chitsiru. Anali ndi bala, ndipo wina anadziwa pokanda.

Chaka cha a Mneneri, ku Katuli

Ukalamba utayamba kugogoda m'mawondo, ananditumiza ku kachipatala ka mpingo cha ku Katuli, kumene msewu umatha mvula ikayamba. Ndinapezanso Abiti Jafali, atabwerera kwawo, tinavina pakhonde ngati atsikana. Akulu a pamalopo anali Bambo Makwinja, amene tonse tinkawatchula adokotala, munthu wotopa, wosaseka, koma wa dzanja lofewa. Esitere ndi a Filimoni ananditsatira, ndinawapezera malo ndi munda. Ndipo iwe Tadala unabadwa, wonenepa, wa tsitsi lambiri, wolira ngati mbuzi yomangidwa. Ndinaimba sabata yonse! Ndinati Mulungu wapukuta misozi, wapukuta, wapukutadi.

Mneneri anafika chilimwe chomwecho kuchokera tsidya la malire, atavala mkanjo woyera. Mpingo wake ankautcha wa Nyali Zisanu. Musaganize kuti anali munthu wokuwa, wa thovu kukamwa, ayi. Anali waulemu, wolankhula pang'onopang'ono ngati akukuthira madzi ofunda kumsana. Baibulo ankalidziwa, ndinene zoona. Anatenga buku lomaliza lija, la zilombo ndi malipenga, limene abusa athu amalidutsa mothamanga, iye n'kukhazikika momwemo. Nkhondo, njala, miliri, madzi osefukira, zonse anazifoletsa ngati mikanda. Tsiku lina ndinaima kumbuyo kwa gulu, pansi pa mtengo wa mango, ndinamva ndi makutu anga.

"Lipenga lilira chimanga cha chaka chino chisanache," anatero. "Wodzala mbewu akudzalira yani? Khasu lako ndilo likuchitira umboni kuti sukhulupirira." Kenako anatsitsa mawu. "Tandiuzani amayi, kuchipatala singano ya diripi amabaya pati?"

"Padzanja," anayankha amayi.

"Kwa khanda, akalephera padzanja, amameta n'kubaya pati?"

"Pamphumi."

"Nanga buku likuti chizindikiro cha chilombo chidzaikidwa pati?"

Gulu lonse linachita kuphulika. "Padzanja kapena pamphumi!" Amayi ena anagwa pansi, ena anayamba kufufuza manja a ana awo. Ndinaona Esitere kutsogolo, iwe uli kumsana. Sanagwe, sanakuwe. Ankangogwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza yankho la funso lakale.

Ndinamupeza pamjigo m'mawa mwake. Ndinati, "Iwe Esitere, Mwini wake anati tsikulo palibe alidziwa, angelo omwe salidziwa. A Mneneri akowo aposa angelo?"

"Nowa ankamuseka chomwechi, amayi."

"Nowa anatuta chakudya kulowa nacho m'chingalawa. Inu ndamva mukukazinga mbewu."

"Tikukazinga, inde. Kumene tikupita kulibe munda."

"Nanga chilombocho ndine? Zaka zonsezi ndakhala ndikuchapira chilombo? Chilombo chosowa ndi sopo yemwe?"

Ndinkafuna aseke, monga tinkachitira kale. Sanaseke. Anatula chidebe n'kundiyang'ana m'maso. "Amayi, woyamba uja munamubaya padzanja. Ali kuti?"

Mvula yoyamba itagwa, anthu ena ali kalikiliki kudzala, a Nyali Zisanu anasiya nyumba zawo, anawoloka kamtsinje n'kukamanga misasa paphiri kuti lipenga liwapeze ali pamodzi. Mbuzi anapha, mbewu anadya, makhadi a kusikelo anatentha. Munda wa Esitere unamera chisoso. Ndinapita kwa abusa athu, iwo anati tiwapempherere, adzatopa okha. Kuphiriko ndinapita ndi ufa kangapo, ankaulandira pamtsinje, kumsasa osandilola, ati ndikununkha mankhwala.

Tsiku limene ndinawoloka

Kunali pakati pa dzinja, mvula yamvumbi, nthawi ya matenda otsegula m'mimba. Ndikukolopa wodi m'mawa, Abiti Jafali analowa ndi dengu la bowa pamutu, osapukuta ndi mapazi omwe.

"Nambewe, siya chokolopera."

"Iwe, matope awo akolopa ndani?"

"Wallahi, ndalumbira, siya. Ndinali kuphiri kuja. Dzana ndinamva mdzukulu wako akulira, mawu ake ndimawadziwa. Lero ndamva nyimbo, ndamva mapemphero, koma mwana zii. Mwana wodwala akasiya kulira, iwe ukudziwa."

Ndinkadziwa. Ndinatuluka ndi diresi la ntchito lomwelo. Mtsinje unali m'chiuno, ndinawoloka. Mnyamata wolondera anati mayi imani, ndinamudutsa ngati chitsa. Nyimbo zinkachokera mu msasa umodzi, ndipo pakhomo pake ndinaona nsapato za a Filimoni. Apo ndiye ndinaima. Imeneyo inali nyumba yogona apongozi anga. Chibadwire sindinachitepo, amayi anga sanachitepo, agogo anga sanachitepo. Ndinamvetsera kuti mwina ulira, ndikuitanire panja. Sunalire. Ndinawerama, ndinalowa.

Nyimbo inaduka. Unali pamphasa pakati pawo, iwe wonenepa uja utatsala mafupa. Liwombo litalowa, maso atalowa, milomo itauma. Ndinatsina khungu la pamimba, linaima osabwerera. A Filimoni atandiona anatembenukira kukhoma n'kudziphimba kumaso ndi nsalu.

Ndinati, "Apongozi, tembenukani mundiyang'ane."

Amayi amene anali mmenemo anagwira pakamwa. A Filimoni anayankha ali chiyang'anire kukhoma. "Amayi, zoterezi sizichitika."

"Mwana kufa anthu akuimba ndiye zimachitika? Manyazi ndawasiya kumtsinje, ndikawatola pobwerera. Tembenukani!"

Anatembenuka. Zaka zonse zija, nkhope ya mkamwini wanga ndinaiona bwino tsiku limenelo, ndipo inali yonyowa ndi misozi.

A Mneneri anali chikhalire kumutu kwako. Sanakwiye. Anati, "Mayi, khalani pansi, mwanyowa. Ndikudziwa mumamukonda. Koma tamvani. Mwanayu akagona lero, adzuka posachedwapa ndi lipenga, woyera, wopanda banga. Mukamutenga, thupi lichira, koma mwamupereka kwamuyaya. Mukumugulira masiku ochepa ndi moyo wosatha. Chikondi chake n'chimenecho?"

Ndinati, "Bambo, Yesu amene ndimamudziwa ine, atadzutsa kamtsikana kaja anati kapatseni chakudya. Sanati kadikireni lipenga."

"Mdyerekezi naye mavesi amawadziwa, mayi," anatero mofatsa, anthu onse n'kuvomera kuti ameni. Anatsegula buku, anayamba kundiwerengera za chilombo, za nyanja ya moto, vesi pamwamba pa vesi. Pa mavesi anandigonjetsa, sindikubisa. Ndiye ndinasiya za buku, ndinagwira za kwathu. Ndinati, "Kuno mwana ndi wa kuchikazi. Mkamwini ndi mlendo, mneneri ndi mlendo, mwana ndi wa mbumba. Mwini mbumba, mlongo wanga, ali kunyanja, ndiye lero mwini mbumba ndine." Ndinakunyamula. Unali wopepuka ngati mtolo wa udzu. A Filimoni sananditchinge, anangosuntha mwendo kuti ndidutse.

Amene anandigwira ndi Esitere. Ananditsatira mpaka pamtsinje, atakakamira diresi langa, akugwa, akudzuka. "Amayi, ndagwira mwendo wanu. Mmodzi munanditayira kale, uyu ndisiyireni ndikamupeze kumwamba. Amayi, mukawoloka naye, akamubaya, si wanganso. Mwamva? Si wanganso, ndipo inu si amayi anga."

Ndinamuyang'ana mwana wanga, woyamba kutsegula mimba yanga, womvera uja. Ndinadziwa kuti sakuopseza, Esitere sananenepo chinthu chimene sachita. Kumsana ndinkamva kampweya kako pakhosi panga, kochepa ngati ka mwanapiye. Awiri onse sindikanawoloka nawo. Ndinamasula zala zake chimodzichimodzi, ndinalowa m'madzi.

Bambo Makwinja atakuona anangoti, "Patebulo." Kenako anafunsa, "Makolo ake avomera?"

"Ndavomera ine."

"A Nambewe, anthu aja akakadandaula, ntchito yanu ithera pano. Ine ndidzanena kuti munabwera naye ndinu."

"Mudzanene. Bayani."

Anayesa dzanja ili, mtsempha osaoneka. Anayesa linalo, anayesa kuphazi, yonse itaphwa. Anapumira m'mwamba. "Palibe kwina. Tengani lezala, metani apa." Analoza pamwamba pa mphumi, pamene tsitsi limayambira.

Kumeta makanda inali ntchito yanga, ndinameta ambiri osaganiza kanthu. Koma osati tsiku limenelo. Mawu a munthu uja anandibwerera, padzanja kapena pamphumi, padzanja kapena pamphumi. Mumtima ndinati, Nambewe, iwe wa tsache, nanga ngati akunena zoona? Nanga ngati ukumumeta mwanayu kuti akapse? Ndinaima, lezala lili m'mwamba.

"Ukudikira lipenga nawenso?" anatero Abiti Jafali, atakugwira miyendo. "Meta, iwe! Bisimila, meta!"

Ndinati, Ambuye, ngati ndi tchimo mulembe pa ine, mwanayu sakudziwa kanthu. Ndinameta. Singano inalowa, madzi anayamba kudontha, do, do, do. Ndinakugwira mutu ndi manja awiri kuti usagwedezeke, ndikuimba pansipansi nyimbo yopanda mawu. Dzuwa litapendeka, unatsegula maso, unakwinya nkhope, unalira! Unalira ngati mbuzi yomangidwa! Ine kulumpha, Abiti kululuta, odwala kudzuka m'mabedi, Bambo Makwinja n'kutitulutsa panja tonse awiri.

Chimanga chitacha

Utachira ndinakubereka kubwerera nawe pamtsinje. Ndinali ndi chikhulupiriro chakuti mayi akaona mwana wake akuseka, za mavesi zimasungunuka. Esitere anabwera tsidya linalo. Unamuona, unatambasula manja, ukudumphadumpha kumsana kwanga. Iye anayang'ana pometedwa paja, pali kapulasitala. Ndinaona mkaka ukunyowetsa nsalu yake yoyera pachifuwa, mbali zonse ziwiri. Ndinati, "Taona, thupi lako likumufuna. Bwera umuyamwitse, ngakhale kamodzi." Anapinda manja pachifuwa, anatembenuka, anakwera phiri. Unalira njira yonse. Ndinakulera ndi phala la kuchipatala ndi mkaka wa mbuzi ya Abiti Jafali.

Chimanga cha anthu odzala chinacha, chinauma, chinalowa m'nkhokwe. Lipenga silinalire. Chimene chinalira paphiri paja ndi maliro, a ana ndi a nkhalamba. Ine ndinati tsopano atsika, manyazi okha ndiwo awachedwetsa, ndipo ndinasesa nyumba ya Esitere, ndinaizira. Koma a Mneneri anali nalo kale yankho. Anati Mkwati wakumwamba anafika pakhomo, anapeza msasa wadetsedwa, chifukwa munalowa mkazi wa fungo la mankhwala n'kutulutsamo mwana kukamupereka kwa chilombo. Tsiku lasunthidwa. Oyera asamukire malo oyera, tsidya la malire. Ndiye kuti dziko linalephera kutha chifukwa cha ine, Nambewe wotaya ndowa! Abiti Jafali anati, "Anzathu, dziko lonse likuthokoze, ugulitse ndi chitenje cha nkhope yako." Ndinaseka, kuseka kwake kotuluka ndi misozi.

Ena anatsika, anabwerera m'midzi mwawo mitu ili pansi. Esitere sanatsike. Tsiku losamuka a Filimoni anabwera kuchipatala, anaima kuseri kwa thanki ya madzi, n'kutuma Abiti monga mwa mwambo, ngati kuti zija sizinachitike. "Akuti muwauze apongozi kuti akupita. Akuti mkazi wawo sangamusiye yekha. Akuti mwanayo akadzakula mudzamuuze kuti bambo ake anasuntha mwendo." Ndakuuza tsopano, Tadala. Kudandaula a Nyali Zisanu sanakadandaule kulikonse, ntchito yanga inapitirira. Chimene chinandichotsa ndi mawondo.

Nditapuma ntchito

Anandipatsa ndowa yatsopano ndi chitenje, anandiimbira, ndinavina mpaka Bambo Makwinja anaseka, anthu n'kuona kuti mano ali nawo. Ndinabwera kudzakhala kuno ku Namwera, kufupi ndi malire, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa tsopano. Wamalonda aliyense wochokera tsidya ndinkamufunsa. Ena ankati a Nyali Zisanu anagawikana pawiri, ena ankati a Mneneri anasunthanso tsiku. Mipingo ina inkabwera pakhomo panga, awa ndi timabuku, awa ndi mafuta odzozera, awa ndi masiku awo owerengera. Ndimawapatsa mpando ndi madzi akumwa. Koma akangoyamba kuti mayi, zizindikiro zakwana, ndimati bambo, Ambuye adzabwera, ndikukhulupirira ndi mtima wonse, ndipo ndikufuna adzandipeze ndikupalira.

Iwe uli sitandade sikisi, tsiku la msika ndinapita kumalire kukagula mchere. Pamzere wa ogulitsa nyemba ndinaona mayi wovala zoyera zothimbirira, wowonda, imvi zitayamba. Ndinamudziwa ndi kakhalidwe, tsonga, ngati wauzidwa kuti khala apa. Ndinanjuta patsogolo pa nyemba zake.

"Esitere."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwadzuka bwanji, mayi?" Mayi, monga mmene umanenera kwa wogula aliyense.

"Ndadzuka. Kaya iwe? Apongozi ali bwanji?"

"Alipo."

"Mumadzala tsopano?"

"Timadzala. Anatiuza kuti tizidzala podikira."

Ndinaluma lilime. Anthu ankadutsa, ena akufunsa mtengo, iye osawayankha. Ankasankha timiyala mu nyemba, m'mene munalibe timiyala. Kenako, osadzutsa mutu, anati, "Wakula?"

"Wakula! Wakupitirira msinkhu. Amaimba kwaya ngati bambo ake, kuseka ngati ine, kumvera ngati iwe."

"Nanga paja... pamphumi paja?"

Mumtima ndinati mwayi wanga ndi uno. "Palibe kanthu, mwanawe! Tsitsi linamera sabata yomweyo. Palibe chipsera, palibe kadontho, posalala ngati dzira. Tiye ukaone. Galimoto ili apo. Ukamufufuze wekha ndi zala zako, ukapeza kanthu udzabwerere."

Ndinaona maso ake akupita kumene kunali galimoto. Ndinaona ndithu. Dzanja lake linagwira m'mphepete mwa dengu ngati afuna kunyamuka. Kenako linasiya.

"Ndi zimene ananena a Mneneri," anatero pansipansi. "Anati chikakhwima sichioneka kunja. Chimalowa mkati."

Pamenepo nyimbo zonse zinandithera. Chipsera chikanakhalapo, akanati si icho. Palibe, akuti chalowa. Khomo lotere ulitsegula ndi chiyani? Ndinadzuka, mawondo akulira. Ndisanatembenuke anandikoka chitenje, anachitambasula, anathiramo nyemba, mbale yodzaza, inanso, inanso, osayeza. Anamanga yekha mfundo.

"Mukamuphikire," anatero. "Koma musamuuze kuti zachokera kwa ine."

Ndinabwererako misika yambiri, sindinamuonenso.

Ndinakuphikira, unadya, unati anganga nyemba izi n'zokoma, mwagula kuti? Ndinati kumsika. Koma sindinaphike zonse. Zina ndinasunga, mvula itagwa ndinadzala kuseri kwa nyumba, ndipo chaka chilichonse ndimapatula mbewu. Nyemba zofiira zija umathyola ukachoka kusukulu, zija umadandaula kuti zimayanga mpaka pawindo lako, ndi za amako.